Utsi m'Galimoto ya Alamu Anga

Ndidapita ku Joni chifukwa chambo chidatha m'nyanja. Sindinena kuti ndidalota maloto kapena kuti ndidamva kuitana, monga amanenera ena pofuna kuyeretsa ulendo wawo. Bambo adandisiyira bwato ndi ukonde ku Malindi, ndipo ukondewo unkavuuka ndi ndere ndi tinsomba toti mphaka sangakhute. Anzanga onse anali atapita kale. Amayi adandiperekeza mpaka pa depoti ya Mangochi, nandipempherera pamaso pa anthu, dzanja lawo lili pamutu panga.

Ku Joni tinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu wina, amuna ambiri kuposa mabedi. Kukazizira tinkafunda makatoni pamwamba pa bulangete. Ndidayamba ndi kutsuka magalimoto, kenaka Mulungu adandikumanitsa ndi Che Amidu, bambo wachikulire wa ku Katuli amene ankawotcherera zitsulo pa galaja ina. Adandimva ndikukalipira ndowa m'Chichewa, nandiitana, nandipemphera ntchito kwa mwini galaja. Iwo ankaswali pakatoni kuseri kwa matayala, ine ndinkawerenga Mawu a Mulungu pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo palibe adayesapo kutembenuza mnzake. Ndikadwala ankandiphikira phala. M'mwezi wawo wosala kudya ndinkawanyamulira zitsulo zolemera. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, mpaka nyumba ya amayi idafoleredwa ndi malata.

Mlongo wanga Esinati adakwatiwa ine kulibe. Mwamuna wake anali Bonifasi wa kwa Mponda, amene atafika ku Joni adadzidula dzina nakhala Boni. Ankagulitsa mafoni ndi zovala, ndipo zidamuyendera. Adamutenga Esinati kudzakhala naye, nabereka mwana wamkazi, Tadala. Alamu angawo adakulira m'kwaya, koma ku Joni Lamulungu lidasanduka tsiku lopukuta nsapato ndi kujambulitsa.

Kenaka adagula galimoto. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, ija yopangidwira liwiro, yaifupi kwambiri moti polowamo munthu ankachita kugwada. Kugwada kumeneko ndi kokhako kumene ndidawaona alamu anga akuchita m'zaka zonse za ku Joni. Adaigula kwa ogulitsa magalimoto ochita ngozi, naikongoletsa kunja. Ankaisisita asanadye, ankaifunditsa nsalu pamene mkazi wawo ankayanika zovala pamvula. Cholinga chinali chimodzi, chimene mwamuna aliyense wa kwathu amene ali ku Joni amachidziwa: kudzawoloka mlatho wa Mangochi mu Disembala, anthu akuona.

Esinati ndiye adayamba kundiuza. Adati Tadala, amene panthawiyo anali atangoyamba kuyankhula bwino, akangolowa m'galimotomo amagona tulo tolemera, ndipo akadzuka amasanza. Ndidawauza alamu kuti aibweretse ku galaja. Adati mwanayo sadazolowere magalimoto apamwamba. Adaibweretsa patapita milungu, osati chifukwa cha mwana, koma chifukwa anzawo adawaseka kuti mkati mukununkha ngati m'chigayo.

"Alamu, kamwana kangaka kali ndi kafungo pang'ono," adatero, akunena galimotoyo. "Tangokaonani. Koma manja akhale oyera, mipandoyo ndi yachikopa."

Pakalilole wa kutsogolo adapachikapo timapepala tonunkhira tambirimbiri, ngati zithumwa, ndipo pansi pa mpando panali kabotolo kena kofukiza. Fano lililonse limafuna zofukiza zake. Che Amidu adatenga mpeni nadula tonse.

"Iii, Che Amidu, ndinagula todula timeneto!"

"Bwana Boni, mpweya umene umapha munthu m'galimoto sununkha," adayankha. "Fungo la utsi limangobwera nawo limodzi kudzakuchenjezani. Inu mwamugwira pakamwa wokuchenjezaniyo."

Tidayamba m'mawa injini ili yozizira, chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma n'kubisa ming'alu. Nditailiza, ndidamva kaphokoso kothetheka pafupi ndi injini, pamene paipi ya ekizozi imayambira. Ndidayendetsa dzanja pafupi osakhudza, ndipo kampweya kadandiwomba pachikhatho. Pamenepo panali mwaye wakuda. Che Amidu adatseka kukamwa kwa paipi kumbuyo ndi chiguduli, ine ndikuthira madzi a sopo pa mfundo iliyonse, ndipo thovu lidatukusira pa gasiketi, kachitsulo kopyapyala kotseka polumikizira. Tidaisintha, n'kumanganso mabawuti.

Tidaganiza kuti tatha. Koma titaiyendetsa pamsewu, fungo lidabweranso, ndipo nditatsitsa windo pang'ono lidachuluka m'malo mochepa. Che Amidu adaloza kumbuyo ndi chala chachikulu. Galimoto ikamathamanga, utsi wake umazungulira kumbuyo kwake, ndipo pakakhala kabowo umayamwidwa kulowa mkati.

Titailowetsa padzenje ndi kuyang'ana kunsi, tidapeza ntchito ya manja a alamu anga. Adalipira munthu wina kuti adule sailensa ndi kuikapo mapaipi aakulu kuti galimoto izibangula. Mapaipiwo anali aafupi, ankathera kunsi kwa bampa, ndiye utsi wonse unkagunda pansi pa buti. Buti ya galimoto imeneyo inali yosalekana ndi mipando yakumbuyo, kunalibe khoma pakati. M'butimo munali bokosi la masipika lalikulu ngati la maliro. Tidalitulutsa, ine ndidalowamo n'kudzipinda, Che Amidu nanditsekera.

"Mukuona chiyani, mwanangu?" adafunsa ali kunja.

"Ndikuona nyenyezi, Che Amidu."

Kuwala kwa dzuwa kunkalowa paliponse. Woika masipika adazula timphira totseka mabowo a pansi kuti adutsitse mawaya, naboola ena awiri atsopano. Mphira wozungulira chitseko cha buti anali wong'ambika pakona kuyambira pa ngozi ija. Ndidagona mmenemo kanthawi, mutu wanga uli pafupi ndi kampando kamene Tadala ankakhala, ndipo ndidamva mtima wanga ukuwira. Munthu adaboola nyumba ya mwana wake kuti anthu a kwa Mponda adzamve nyimbo zake ali patali.

Tidakonza zonse. Che Amidu adawotcherera sailensa ina natalikitsa mapaipi mpaka adatulukira kunja kwa bampa. Ine ndidatseka mabowo, ndidaika mphira watsopano, n'kuyesa ndi kapepala kuzungulira chitseko chonse: ukatsekera pepala n'kulikoka, likakana kutuluka ndiye kuti pagwira. Tidaiyendetsa mtunda wautali mawindo ali otseka, kenaka ali otsekula. Munalibe kanthu. Ndidayamika Ambuye.

Alamu atabwera, adailiza, nkhope yawo n'kugwa.

"Mwaipha mawu! Ikulira ngati njinga ya kabaza. Ndikaonekera bwanji kumudzi?"

"Mukaonekera amoyo," ndidatero. "Koma mvetsani ichi, alamu. Buti iyi izikhala yotseka mpaka ilire kuti khe. Mukangoisiya yosatseka, ngakhale mpata wa chala, zonse tachitazi zapita pachabe. Utsi uzilowa kuposa kale."

"Ndamva, abusa," adayankha. Ankanditcha choncho akafuna kuseketsa anzawo.

Disembala idafika. Chaka chimenecho nanenso ndinkapita kumudzi, pa basi, ndipo m'mawa wa tsiku la ulendo ndidadzera kwawo kuti nditsanzike. Ndidapeza anzawo a alamu atazungulira galimoto akujambula. Buti inali yasaa, kukamwa kuli m'mwamba, itamangidwa ndi zingwe za mphira. Mudali wailesi yakanema m'katoni yake, mabulangete, sitovu, zikwama zamizeremizere, ndi njinga yamwana pamwamba. Kwathu munthu wochokera ku Joni sabwera ndi katundu wobisika. Katundu ayenera kuoneka, apo ayi anthu amati wabwera chimanjamanja. Pampando wakumbuyo padadzazanso zikwama, atangosiya kadzenje ngati chisa, ndipo m'chisamo adakhazikamo Tadala atavala diresi yatsopano.

"Alamu, ndinakuuzani chiyani za buti?"

"Aaa, abusa afika. Kodi si inu munakonza? Kapena mukuvomera kuti ntchito yanu ndi yachinyengo?" Anzawo adaseka.

"Tsitsani katundu wina, ndimutengera pa basi. Buti itsekeke."

"Katundu wanga akatsike basi? Kuti anthu azikati ndi wanu?"

Ulendowo ndi wa masiku, kudutsa mayiko awiri, ndipo ku Tete kumatentha moti palibe amatsekula windo ngati galimoto ili ndi choziziritsa mpweya. Ndidaona mwanayo akundimwetulira m'chisa chake. Ndidapemphera mumtima pemphero lalifupi, ndipo ndidachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mlongo wa mayi wake, malume, ali ndi mawu pa mwanayo oposa a bambo womubereka. Ine mawu amenewo ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito, chifukwa ndinkati banja ndi la awiri. Ndidapinda mpando wakutsogolo, ndidamasula lamba, n'kumunyamula Tadala.

"Mwana uyu ndi wa mbumba yathu. M'galimoto umu sakwera."

Kuseka kudatha. Alamu adavula magalasi awo akuda.

"Kuno ndi ku Joni, alamu. Za mbumbazo munazisiya ku Mangochi."

"Ndiko mukupita," ndidatero. "Mukafika, ankhoswe akakufunsani. Mukawayankhe kuti kuno ndi ku Joni."

Adayang'ana anzawo, nayang'ana ine. Ankadziwa kuti pamudzi pathu iwo ndi mkamwini chabe, ngakhale atabwera pa ndege. Adaseka kuseka kouma.

"Mutengeni. Akazolowere basi, ndi za kumtundu kwawo."

Esinati anali ataima pakhomo, tsitsi atamanga latsopano, nsapato zazitali zili kuphazi.

"Achimwene, mukutichititsa manyazi."

"Bwera nawe, Esinati. Malo apezeka."

"Nditsike basi mwamuna wanga ali ndi galimoto? Anthu akati chiyani? Akati tasiyana."

Mwana ndikanatha kumunyamula, koma mayi wamkulu sindikanamukoka. Ndidamuuza kuti mawindo onse awiri akhale otsekula mpaka pansi njira yonse, ndipo akamva mutu kapena tulo atuluke msanga. Alamu adati tsitsi la madamu silidamangidwire fumbi la ku Tete. Adagwada, nalowa, nanyamuka, anzawo akuimba malikhweru.

Pa basi Tadala adadya chilichonse chimene ndidagula pawindo, adaimba, adafunsa dzina la mbuzi iliyonse. Sadasanze ngakhale kamodzi. Ine sindidamve kukoma kwa chakudya. Galimoto yofiira iliyonse yoima pambali pa msewu inkandidzutsa pampando.

Tidafika ku Malindi iwo asanafike, ngakhale galimoto yawo inali yaliwiro. Tsiku lotsatira lonse ndidakhala pamsewu. Idatulukira chakumasana, nyimbo zikugunda, ana akuithamangira, amayi a pamudzi akululutira ngati kwabwera mkwatibwi. Alamu adatuluka manja ali m'mwamba. Esinati adachedwa kutuluka. Atatuluka adagwira chitseko, nkhope ili mbuu, maso ofiira, nayenda pang'ono mpaka kuseri kwa nkhokwe, nasanza. Amayi ena adatsinana nati mwina ndi pathupi.

Madzulo ake alamu adafotokoza ulendo wawo kwa amuna pabwalo, ndipo adaufotokoza ngati nthabwala.

"Madamu anagona kuyambira ku Tete! Pa boda ndinawagwedeza, osadzuka. Tinachita kuwatulutsa ngati thumba la chimanga, kuwagoneka pansi pa mtengo, kuwathira madzi. Anthu ankati ndanyamula maliro! Ndi kufewa kwa mipando, bambo. Nanenso mutu unandimenya, koma mwamuna amangomwa mapiritsi n'kuponda moto."

Amuna adaseka mpaka kugwira nthiti. Anthu amene ndidakula nawo, odziwa kuwerenga mphepo ya panyanja poona mtambo, adakhala pamenepo kukamwa kuli yasa, akuseka kuti mkazi adatsala pang'ono kufa.

Sindidawapeze abale anga monga ndidawasiyira. Pamudzi padalibenso wofunsa ngati munthu wabwera ndi moyo wabwino, ankangofunsa kuti wabwera ndi chiyani. Pa Khirisimasi akuluakulu a mpingo adapempha alamu kuti aimike galimoto pakhomo penipeni pa tchalitchi, ndipo anyamata ambiri adamvera Misa ali panja, atazungulira chitsulo chofiiracho. Amayi anga, amene adandiphunzitsa kugwada, adavala chitenje chatsopano nakhala pampando wachikopa kuti awajambule. Atatuluka adandiitanira m'nyumba.

"Mwana wanga, nsanje ndi tchimo. Ngati Mulungu sanakupatse galimoto, usadane ndi amene wapatsidwa."

"Amayi, mwana akanafa."

"Nanga amake afa?"

Esinati anali pomwepo akusankha mpunga. Sadadzutse mutu.

Alamu adakadandaula kwa ankhoswe kuti ndidawalanda mwana pamaso pa anzawo. Nkhani idakambidwa pakhonde pa amalume athu aakulu, mlongo wa amayi, amene ndiwo mwini mbumba weniweni. Adakhala pampando atavala jekete lachikopa limene alamu adawabweretsera, thukuta likuyenderera m'dzuwa la Disembala, osafuna kulivula. Ndidafotokoza za mabowo, za utsi, za buti. Adamvetsera akusisita mkono wa jeketelo.

"Iwe mphwanga, mbumba ndi yanga ine ndikadali moyo. Unalakwa. Pobwerera mwana akwere ndi makolo ake, ndipo usadzachitenso."

Ndidapepesa monga mwambo ufunira, koma pakamwa pokha. Mphamvu imene ndidagwiritsa ntchito ku Joni adandilanda, ndipo adandilanda mwachilungamo chawo. Chimene chidanditsalira ndi kupemphera. Masiku otsalawo ndidasala kudya osauza munthu. Ndidamuuza Mulungu kuti ine ndalephera, mwanayo ndi wake.

Tsiku lobwerera, m'mawa, ndidadutsa pamene alamu ankapakira. Ulendo wobwerera nawonso uli ndi katundu wake: matumba a ufa, mpunga, usipa wouma, utaka, zonse zimene anthu a ku Joni amazilakalaka. Buti inali yasaa ngati kale, ndipo alamu ankakoka chingwe phazi lili pabampa. Pampando wakumbuyo chisa chija chinali chitakonzedwa. Ndidatsanzika amayi, n'kukwera matola mpaka ku Mangochi.

Ndidakhala m'basi pa depoti chikwama chili pamiyendo, ndikuyang'ana pansi. Basi inkadzaza pang'onopang'ono. Kondakitala atayamba kuitana otsala, ndidamva mawu aang'ono pakhomo.

"Amalume awo!"

Esinati anali atatsika pa njinga ya kabaza, Tadala ali kumanja, kachikwama kamodzi kali kumutu. Kuphazi adavala patapata. Adayankhula ndi kondakitala, nakwera, nayenda mpaka pamene ndidakhala.

"Achimwene, sunthani."

Ndidasuntha. Adandipatsa mwana, iye nakhala chakuwindo.

"Alamu akudziwa?"

"Adziwa akamaliza kumanga buti."

"Nanga amalume aakulu?"

"Anagamula kuti mwana akwere ndi makolo ake. Ine si kholo?"

Basi idatuluka pa depoti. Kenaka Esinati adayankhula osandiyang'ana.

"Pansi pa mtengo paja ndinkamva anthu akuyankhula, koma dzanja limakana kudzuka. Ndinkangoti, akanakhala Tadala, ndani akanadziwa kuti si tulo?"

Masiku onse aja ndinali nditakonza mawu ambiri omudzudzula, okhala ndi mavesi ake. Ndidawameza onse. Esinati adakankha windo mpaka kumapeto, fumbi la msewu wa ku Liwonde likulowa, mayi wa kumbuyo kwathu akudandaula kuti atseke. Sadatseke.